KHATE LA CHINANGWA: M'MENE AKATSWIRI AMADZIWIRA DZINA LA KACHIROMBO KAKE

Mwezi uno tifuna kukamba ndi alimi ndi aphunzitsi a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje za nthenda imene ambiri aidziwa ndi maso, koma ndi owerengeka okha amene adziwa chiyambi chake. Nthendayi ndi khate la chinangwa.

Tonse tidziwa kuti kuno ku Chigwa cha Shire chakudya chachikulu ndi chimanga, mapira ndi mchewere. Koma chinangwa ndi mbatata ndizo zipulumutsa anthu pamene mbewu zinazi zakanika, pakuti chinangwa chipirira dzuwa ndipo chikhala m'nthaka kudikira mwini wake. Tikumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi minda yambiri inakwiririka ndi mchenga, ndipo madzi ataphwa anthu anayamba kufunafuna mbewu. Ena anagula mitengo ya chinangwa pamsika, ena anapempha kwa abale awo a kumapiri, ndipo ena anaitenga kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Munthu amene munda wake wapita ndi madzi safunsa mafunso ambiri; alandira chilichonse chimene wapeza. Tsono m'mitengo yotereyi ndimo muyenda khate.

Werengani nkhaniyi mofatsa, chifukwa mukamvetsa m'mene akatswiri apezera kachirombo ka nthendayi, mudzamvetsanso chifukwa chake alangizi alimbikira kunena za kusankha mbewu.

Maonekedwe a Nthendayi

Chinangwa chogwidwa ndi khate chikhala ndi masamba a mawangamawanga. Pena tsamba liri lobiriwira, pena lachikasu. Malo achikasuwo sakula msanga monga malo obiriwira, motero tsamba lipotoka, likwinyika, ndipo likhala laling'ono. Nthenda ikakula, mtengo wonse upinimbira.

Tsamba ndilo khitchini ya mbewu. M'menemo mbewu ipanga chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo chakudyacho chitsikira pansi kukanenepetsa chinangwa. Masamba akawonongeka, pansi sipafika kanthu. Mlimi alima, apalira, adikira chaka chathunthu, koma pokumba apeza timizu towonda.

Ena achita mantha ndi dzina lakuti khate. Musaope. Nthendayi iribe chibale ndi khate la anthu. Munthu sangadwale chifukwa chogwira mbewu yodwala, kudya chinangwa chake kapena chigwada chake. Chimene itibera ndi zokolola basi, koma chaka cha njala zimenezo si zazing'ono.

Chimene Chiyambitsa Khate

Chinangwa si mbewu ya makolo athu akale. Kwawo ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anachibweretsa ku Africa. Chodabwitsa ndi chakuti kwawoko kulibe khate lotere. Chinangwa chinalipeza kuno, ndipo akatswiri aganiza kuti linachokera m'zomera za kutchire.

Munthu woyamba kulemba za nthendayi anali Mjeremani wotchedwa Warburg, m'chaka cha 1894, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pa nthawi imeneyo palibe anadziwa choyambitsa chake. Koma m'zaka zomwezo akatswiri a ku Ulaya anali kufufuza nthenda ina ya mawanga pa masamba a fodya. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anafinya madzi a masamba odwala nawasefa ndi sefa yothina kwambiri, imene ngakhale tizirombo ta mabakiteriya sitingadutse. Madzi osefedwawo atawapaka pa fodya wabwino, fodyayo anadwala. Mu 1898 Martinus Beijerinck wa ku Holland anapezanso zomwezo, ndipo chinthu chosaonekacho anachitcha vairasi.

M'zaka za m'ma 1930, pa malo ofufuzira za malimidwe a Amani ku Tanganyika, H. H. Storey ndi mnzake R. F. W. Nichols anatsimikiza kuti khate la chinangwa liyenda ndi tintchentche toyera. Titembenuzeni tsamba lanthete la chinangwa m'mawa, mudzationa tating'ono ngati ufa, tikuuluka. Kantchentche kakayamwa madzi a tsamba lodwala kwa maola angapo, kameza vairasi, ndipo kakatera pa mtengo wabwino kamulavulira m'menemo. Kangathe kuchita zimenezi masiku ambiri.

Koma vairasi weniweniyo anatsimikizika mu 1983, pamene K. R. Bock ndi R. D. Woods, ali ku Kenya, anaonetsa kuti iyeyo ndiye ayambitsa nthendayi. Bambo Bock yemweyo anadzagwiranso ntchito kwathu kuno, pa Chitedze, pofufuza khate la mtedza. Vairasi wa chinangwa ndi wochepetsetsa, kotero kuti oposa 25,000 atandanda pa mzere umodzi angokwana milimita imodzi pa rula ya mwana wa sukulu. Pa makina amphamvu oonera tinthu tating'ono aoneka ngati timipira tiwiri tomatana, monga mapasa. Chifukwa chake banja lake analipatsa dzina lochokera ku mawu a Chilatini akuti gemini, ndiko kuti mapasa.

Njira zimene khate liyendera ndi ziwiri. Yoyamba ndi tintchentche tija. Yachiwiri, imene iri m'manja mwathu, ndi mitengo imene tidula ndi kubzala. Vairasi akalowa m'chinangwa afalikira mu mtengo, ndipo mtengowo ukadulidwa zidutswa 5, mlimi wabzala mbewu zodwala 5. Khate silikhala m'nthaka, ndipo palibe mankhwala opopera amene angachiritse mtengo umene wagwidwa kale.

Maso Anyenga

Wina angafunse kuti, "Popeza khate tilidziwa ndi maso, nanga labotale ndi yachiyani?" Yankho lake nali.

Poyamba, masamba achikasu ali ndi zoyambitsa zambiri. Nthaka yoguga ichititsa masamba chikasu. Madzi akakhalitsa m'munda, monga zichitikira m'madimba a m'mbali mwa Shire, masamba achitanso chikasu. Pali tiakangaude tobiriwira tating'ono timene tiyamwa masamba a kunsonga, ndipo timadontho take tifanana ndi khate. Palinso nthenda ina ya vairasi, ya mizere yofiirira, imene iwoletsa chinangwa m'kati. Imeneyi Storey anailemba ku Amani mu 1936, ndipo pofika 1950 inali itadziwika kale kuno ku Nyasaland, makamaka m'mbali mwa nyanja. Iyo ichititsa chikasu masamba akale a m'munsi koma osawapotola, pamene khate ligwira masamba anthete ndi kuwapotola.

Chachiwiri, mtengo ungathe kukhala ndi vairasi koma osaonetsa bwino. Nthawi yotentha kwambiri mawanga azilala pa masamba atsopano, ndipo mtengo ukayoyola masamba kapena ukadulidwa ndi kumangidwa mtolo, palibe munthu angadziwe ngati uli wabwino. Akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, khate siliyambitsidwa ndi vairasi wa mtundu umodzi. Alipo a mitundu ingapo, ena aukali, ena ofatsa, koma mawanga awo pa tsamba afanana. Ngakhale katswiri wa zaka zambiri sangawalekanitse ndi maso. Kuti adziwe dzina la vairasi ayenera kuwerenga zolembedwa m'kati mwake.

Kalata ya M'kati mwa Vairasi

Chamoyo chilichonse, munthu, mbuzi, chimanga, chiri ndi malangizo olembedwa m'kati mwa thupi lake amene anena m'mene chidzakhalire. Malangizowa ali pa kaulusi kakatali kosaoneka ndi maso kotchedwa DNA. Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick, ku Cambridge, anafotokoza m'mene kaulusika kanapangikira. Zilembo zake ndi 4 zokha, ndipo akatswiri azilemba A, C, G ndi T. Monga m'mene mawu akuti "mbale" ndi "mbela" asiyanirana chifukwa cha kandandidwe ka zilembo, momwemonso zamoyo zisiyana chifukwa cha kandandidwe ka zilembo 4 zimenezi.

DNA ya munthu iri ndi zilembo pafupifupi mamiliyoni 3,000. Ya vairasi wa khate ndi yaifupi kwambiri. Iri ngati timikombero tiwiri, ndipo kamkombero kalikonse kali ndi zilembo zosakwana 3,000. Itati ilembedwe pa pepala, ingakwane masamba awiri kapena atatu a kope. Vairasi ndi kalata yaifupiyi basi, yokutidwa ndi chikopa chopyapyala. Payekha sangadye kapena kuswana. Koma akalowa m'tsamba, tsambalo liwerenga kalata yake, lisiya ntchito yake yeniyeni, ndipo liyamba kupanga mavairasi ena ambirimbiri.

Mu 1983 John Stanley ndi Michael Gay, pa John Innes Institute ku England, anawerenga zilembo zonse za vairasi wa chinangwa wochokera ku Kenya. Kuyambira pamenepo kunali kotheka kuyerekeza kalata ya vairasi wa dziko lina ndi ya wa dziko lina.

Ulendo wa Tsamba ku Labotale

Tiyeni titsate tsamba limodzi kuchokera m'munda.

Wofufuza afika m'munda, apempha chilolezo kwa mwini wake, ndipo athyola masamba anthete a kunsonga, pakuti m'menemo ndimo vairasi achuluka. Alemba tsiku, mudzi, mtundu wa chinangwa ndi m'mene nthenda yakulira. Masambawo awaumitsa pakati pa mapepala kapena m'kabotolo kokhala ndi mankhwala oyamwa chinyezi, kuti asawole m'njira.

Ku labotale asinja kachidutswa ka tsambalo mu kamtondo kakang'ono, athira mankhwala osungunula, ndipo aika m'makina ozungulira mwaliwiro. Zinyalala zitsikira pansi, monga m'mene matope atsikira pansi pa ndowa, ndipo pamapeto pake atsala ndi kadontho kokhala ndi DNA. Koma m'kadonthomo DNA ya chinangwa ndiyo yochuluka, ndipo ya vairasi ndi yochepa, yosakanikira m'menemo ngati njere imodzi ya mchewere m'thumba la mapira.

Apa ndipo igwira ntchito njira yotchedwa PCR, imene Kary Mullis wa ku America anaitulukira mu 1983, nalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Akatswiri apanga tizidutswa tiwiri tatifupi ta DNA, ta zilembo ngati 20, timene tigwirana ndi kalata ya vairasi yekhayo amene akumufuna. Tingatiyerekeze ndi nyambo imene ikola mtundu umodzi wokha wa nsomba. Athiramo tizidutswati, pamodzi ndi zilembo zomangira ndi chinthu china chimene ntchito yake ndi kukopera DNA. Chinthu chokoperachi anachipeza m'tizirombo tokhala m'akasupe a madzi otentha a ku Yellowstone, ku America, motero sichiwonongeka ndi kutentha.

Tsono makina atenthetsa kabotoloko kufika pafupi ndi kuwira, nakaziziritsa, nakatenthetsanso. Ulendo uliwonse, makope a kachigawo ka kalata ya vairasi awirikiza kawiri. Limodzi likhala 2, awiriwo akhala 4, kenaka 8, 16, 32. Pakutha maulendo 30, kope limodzi lija lingathe kufika makope oposa mamiliyoni 1,000, ndipo zonsezi zichitika pa maola awiri kapena atatu. Ngati m'tsambamo munalibe vairasiyo, nyambo sikola kanthu ndipo palibe chikopedwa.

Kenaka adonthezera madziwo m'kachinthu konga phala louma loonekera, nayatsa magetsi. DNA iyenda m'menemo, yaifupi ithamanga, yaitali itsalira. Akaunika ndi nyali yake, paoneka kamzera kowala. Kamzerako kakaoneka pamalo pake, ndiye kuti vairasi alimo.

Chotsiriza ndi kuwerenga zilembo zenizenizo, chimodzi chimodzi, ndi makina ena. Zimene awerenga aziyerekeza pa kompyuta ndi makalata a mavairasi ena onse amene akatswiri a dziko lonse lapansi anasunga mu nkhokwe yaikulu yotchedwa GenBank. Lamulo limene anagwirizana pa banja la mavairasi amenewa ndi lakuti, ngati pa zilembo 100 zilizonse za mkombero woyamba zofanana zifika 91 kapena kuposa, mavairasi awiriwo ndi a mtundu umodzi. Zikachepera pamenepo, ndiye kuti wapezeka mtundu wina.

Kale ntchito yonseyi inali kutenga miyezi, chifukwa masamba anali kutumizidwa ku Ulaya. Koma m'zaka za 2017 ndi 2018 akatswiri a ku Tanzania, Uganda ndi Kenya, pamodzi ndi anzawo a ku Australia, anayesa kamakina kowerengera DNA kokwana m'dzanja. Anakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda, nadziwa dzina la vairasi tsiku lomwelo, mlimi ali pomwepo.

Zimene Anapeza

Mu 1993 akatswiri a pa Scottish Crop Research Institute, pafupi ndi mzinda wa Dundee ku Scotland, motsogozedwa ndi Bryan Harrison, anaonetsa ndi zilembo kuti chimene anthu anali kuchiyesa vairasi mmodzi chinali mavairasi a mitundu 3. Woyamba ndi African cassava mosaic virus, amene anali wofala kumadzulo ndi pakati pa Africa. Wachiwiri ndi East African cassava mosaic virus, wa kum'mawa kwa Africa. Wachitatu ndi wa ku India.

Mu 1998 akatswiri a malo omwewo anawerenga mavairasi a m'masamba ochokera ku Kenya, Tanzania ndi Malawi. Anapeza kuti a ku Malawi asiyana ndi anzawo pa zilembo zambiri ndithu. Pambuyo pake anapatsidwa dzina lawolawo, East African cassava mosaic Malawi virus. Motero dzina la dziko lathu liri m'mabuku a akatswiri a dziko lonse chifukwa cha nthenda ya m'minda yathu. Alipo enanso otchedwa ndi maina a Cameroon, Zanzibar, Kenya, South Africa, Madagascar ndi Sri Lanka.

Phunziro la ku Uganda

Kodi kusiyana kwa mavairasiku kuli ndi kanthu kwa mlimi wa ku Ngabu kapena wa ku Makhanga? Mverani zimene zinachitika ku Uganda.

Anthu a ku Uganda anakhala ndi khate zaka zambiri, monga ife, ndipo anali atalizolowera. Koma cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'boma la Luwero, kumpoto kwa Kampala, kunabuka khate laukali limene alimi anali asanalionepo. Masamba anali kusanduka tizingwe, mitengo inali kupinimbira, pansi osabereka kanthu. Tintchentche toyera tinachulukanso kopambana. Mliriwo unali kuyenda makilomita 20 mpaka 30 pa chaka, ndipo m'maboma ambiri anthu analeka kulima chinangwa, njala niwagwera. Pambuyo pake unalowa kumadzulo kwa Kenya, ku Tanzania, Rwanda, Burundi ndi Congo.

Mu 1997 akatswiri a ku Scotland aja, pamodzi ndi anzawo a ku Uganda, anawerenga kalata ya vairasi wa mliriwo. Anapeza kuti zilembo zambiri zinali za vairasi wa kum'mawa kwa Africa, koma kachigawo kena ka pakati, ka malangizo opangira chikopa chake, kanali ka vairasi winayo. Tanthauzo lake ndi lakuti tsiku lina mavairasi awiriwa anakumana mu mtengo umodzi wa chinangwa, ndipo pokopedwa makalata awo anasakanikirana, nabadwa vairasi watsopano. Anapezanso kuti mtengo wokhala ndi mavairasi a mitundu iwiri nthawi imodzi udwala koposa wokhala ndi mtundu umodzi.

Phunziro lake nali. Munthu anganene kuti, "Khate tiri nalo kale kuno, nanga mtolo umodzi wochokera kutali ungawonjezere chiyani?" Mtolowo ungabweretse vairasi wa mtundu wina amene kuno kunalibe. Tintchentche tikamutenga ndi kumuika m'mitengo imene iri kale ndi vairasi wa kuno, awiriwo akumana, ndipo palibe munthu anganeneretu chimene chidzabadwe.

Abale Ake M'mbewu Zina

Vairasi wa khate la chinangwa ali ndi abale ambiri amene agwira mbewu zina, ndipo ambiri a iwo ayenda ndi tintchentche toyera. Ku India mphodza ndi nyemba zina zigwidwa ndi nthenda ya mawanga achikasu imene inalembedwa koyamba ku Delhi mu 1960. Powerenga zilembo anapeza kuti nayonso siyambitsidwa ndi vairasi mmodzi. Ku Pakistan, m'zaka za m'ma 1990, nthenda yopotola masamba inawononga thonje lambiri, ndipo alimi a thonje a kuno ku Chigwa adziwa okha chimene thonje litanthauza pa khomo. Tomato nayenso ali ndi nthenda yake ya banja lomweli. Koma mtundu uliwonse uli ndi mbewu zake zimene ukonda, motero musaganize kuti khate la chinangwa lidzalowa m'thonje lanu.

Chitsanzo china ndi cha ku Cambodia. Kumeneko kunalibe khate la chinangwa kufikira 2015, pamene linaoneka m'munda wina. Atawerenga zilembo anapeza kuti ndi vairasi wa dzina la Sri Lanka uja. Patangopita zaka zochepa anali atafika ku Vietnam ndi ku Thailand, ndipo malonda a mitengo yobzala ndiwo anathandiza kumufalitsa. Kantchentche sikauluka kutali kotero, koma mtolo wa pa galimoto uyenda mitunda yambiri usiku umodzi.

Mbewu Zopirira

Ku Uganda mliri unazilala pamene alimi analandira mitundu ya chinangwa yopirira khate. Mbiri ya mitundu imeneyi iyambiranso ku Amani, kumene akatswiri anakwatitsa chinangwa ndi mbale wake, mtengo uja tiutcha mpira, umene masamba ake ena aphika ndiwo. Ana ake anatenga mphamvu yolimbana ndi khate. Ntchitoyi inapitirira ku bungwe la IITA, ku Ibadan m'dziko la Nigeria, ndipo mbewu zake zinafalikira m'mayiko ambiri.

Kuno kwathu Dipatimenti Yofufuza za Ulimi iri ndi malo ake monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo, Makoka ku Zomba, Mkondezi ku Nkhata Bay ndi Kasinthula ku Chikwawa. Dipatimentiyi inatulutsa mitundu ya chinangwa monga Sauti ndi Sagonja. Sauti apirira khate, koma ndi wowawa, ndipo ayenera kunyikidwa m'madzi ndi kuumitsidwa asanadyedwe. Mbundumali, amene ena amutcha Manyokola, ndi wokoma ndipo ayenda malonda, koma sachedwa kugwidwa ndi khate. Amene alima Mbundumali ayenera kusamala koposa posankha mbewu.

Apanso labotale ithandiza. Mtundu wa chinangwa umene upirira vairasi wina suyenera kungoganiziridwa kuti upirira onse, ndipo wopirira khate angathe kugwidwa ndi nthenda ija yowoletsa m'kati. Akatswiri akadziwa maina a mavairasi amene ali m'dera, adziwanso mbewu yoyenera kuyesa ndi kuchulukitsa kumeneko.

Zoyenera Kuchita

Mlimi alibe makina a PCR, koma ali ndi maso, chikwanje ndi nzeru. Chitani izi:

1. Sankhani mbewu chinangwa chikali m'munda ndi masamba ake, makamaka nthawi ya mvula. Mangani luzi pa mitengo imene masamba ake onse ndi osalala ndi obiriwira, ndipo nthawi yobzala dulani yokhayo.

2. Musagule mtolo umene simunaone munda wake. Ngati mbale wanu akupatsani mbewu, pitani mukaone kumene yachokera. Safunsa anadya phula.

3. Mukabzala, yenderani munda sabata iliyonse pa miyezi itatu yoyamba. Mbewu imene masamba ake oyamba atuluka ali ndi mawanga inabwera ndi nthenda. Izuleni msanga, muitaye kutali kuti iume kapena muikwirire, ndipo pamalopo bzalani ina yabwino. Mbewu yotere ndiyo itaya zokolola zambiri, ndiponso ndiyo chitsime chimene tintchentche titungapo nthenda.

4. Mtengo waukulu umene wadwala masamba a kunsonga okha, a m'munsi ali bwino, unalumidwa ndi tintchentche utakula kale. Mungathe kuusiya kuti mudzadye chinangwa chake, koma musadzadulepo mbewu.

5. Musabzale munda watsopano mogundizana ndi munda wakale wodwala.

6. Musataye ndalama kugula mankhwala opopera poyesa kuchiza khate.

7. Sungani kamunda ka mbewu pamalo okwera pamene madzi safika. Mafumu ndi anyakwawa angathandize popereka malo otere kuti mudzi wonse ukhale ndi kamunda kamodzi kosamalidwa bwino. Madzi akadzabweranso, mudzi wotere sudzapita kukapempha mbewu yosadziwika.

8. Mukaona khate laukali kuposa limene munazolowera, kapena tintchentche tachuluka modabwitsa, kapena chinangwa chawola m'kati, uzani mlangizi wa m'dera lanu tsiku lomwelo, kuti mawu afike ku likulu la zaulimi ku Ngabu. Ofufuza akabwera kudzapempha masamba, alandireni. Masamba awiri amene muwapatsa angapulumutse minda ya boma lonse.

Mabungwe amene agawa mbewu pambuyo pa ngozi akumbukirenso kuti mtengo wa chinangwa si bulangete. Asanagule kwa munthu aliyense, apemphe alangizi akayendere mundawo chinangwa chisanadulidwe.

Mawu kwa Aphunzitsi

Aphunzitsi angathandize kwambiri pa nkhani imeneyi. Tengani ana kumunda wa sukulu kapena wa munthu wapafupi m'mawa, atembenuze masamba ndi kuona tintchentche toyera. Awerenge mitengo 50 motsatana ndi kulemba yodwala ndi yabwino. Pa yodwalayo asiyanitse imene yadwala kuyambira pansi ndi imene yadwala kunsonga kokha. Akatero adzadziwa okha ngati nthenda m'mundamo inabwera ndi mbewu kapena ndi tintchentche.

Pa phunziro la masamu, ikani njere imodzi ya chimanga patebulo, ndipo ana aziwirikiza kawiri ulendo uliwonse. Pa ulendo wa 10 adzafika 1,024. Otsalawo awerengere pa bolodi mpaka ulendo wa 30. Adzamvetsa m'mene makina a PCR apezera kanthu kochepa, ndiponso m'mene mtengo umodzi wodwala udzazira minda ya mudzi wonse ngati chaka ndi chaka udulidwa ndi kugawidwa.

Mukatha kuwerenga nyuzi ino musaipinde ndi kuisunga m'bokosi. Iwerengereni anzanu amene sadziwa kuwerenga, kubwalo, kutchalitchi ndi ku kalabu ya alimi, makamaka amayi, pakuti ndiwo ayendera munda wa chinangwa kawirikawiri pokathyola chigwada. Nthawi yomanga luzi pa mitengo yabwino ndi pamene masamba akali pamtengo.